Masanje si zachibwana

Mwana wa kumudzi m'dziko muno ali ndi zithunzi ziwiri zokha. Choyamba ndi chija cha pa chikwangwani cha bungwe: maso ali tong'o, mbale ya phala m'manja, malaya ong'ambika paphewa, m'munsi mwake dzina la pulojekiti. Chachiwiri ndi chija amagulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu ku Old Town ku Lilongwe kapena kunyanja ku Cape Maclear: kamwana kakuda bii kopanda nkhope, kakutsatira amayi osenza mtsuko, dzuwa likulowa. Pa chithunzi choyambacho mwana ndi vuto lofuna ndalama. Pa chachiwiricho ndi chokongoletsera khoma. Ponseponse mwanayo sakuchita kanthu, wangoima kudikira wina amumvere chisoni kapena amugule.

Koma aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti mwana saima chonchija. Mwana amathamanga, amaumba, amalamula anzake, amaweruza milandu, amapanga galimoto yokhota bwinobwino pa kona. Chithunzi chachitatu chimenechi, cha mwana ali pa ntchito yake yeniyeni, ndicho chikusowa. Ndipo ukati uchijambule, anthu ophunzira omwe, a madigiri anzako, amakuyang'ana ngati mutu sukuyenda bwino.

Ndikukamba zomwe ndikuzidziwa. Ine ndimajambula ana akusewera, pogwiritsa ntchito utoto wa madzi uja m'masitolo amaulemba kuti watercolour. Ndimajambulira kwathu kwa Dzoole ku Dowa, komwe kukacha bwino mapiri a ku Ntchisi amaoneka obiriwira chapatali. Pali mawu atatu amene ndimawamva mobwerezabwereza. Achibale amati, "Sukulu yonse ija mapeto ake kujambula masanje?" Ogula zithunzi m'tauni amati, "N'zokongola, koma za nyanja kapena za njovu mulibe?" Ndiye pali anzanga ena a ku koleji amene pano ali m'mabungwe. Iwo amati, "Aise, ana akuvutika kumudziko, iwe n'kumawajambula akuseka? Ukubisa umphawi iwe."

Achibale ndimawamvetsa, anagulitsa mbuzi kuti ndiphunzire. Ogula nawo ndalama ndi zawo, khoma ndi lawo. Koma a gulu lachitatuwa ndiye ndikufuna tikambirane bwinobwino, chifukwa mawu awo amamveka anzeru pamene ali olakwika.

Tiyambe ndi masanje, poti ndi amene timawanyoza kwambiri. Chichewa chathu chomwe chimatiulula: chinthu chikakhala chosalongosoka timati ndi zamasanje. Boma likalephera timati ndi la masanje, ukwati ukagwedezeka timati unali wa masanje. Koma munayamba mwakhala pansi n'kuonerera masanje enieni kuyambira poyamba mpaka pomaliza? Amachitika anthu akakolola, chimanga chili m'nkhokwe, mapesi ali mbwee m'minda. Ana amatola mapesi aja n'kumanga timisasa kumapeto kwa mudzi. Amagawana maudindo: uyu bambo, uyu mayi, uyu khanda, uyu mfumu, wina n'kukhala galu wakuba ndiwo. Atsikana amakakunkha chimanga chotsalira m'munda, amathyola bonongwe ndi chisoso, amasonkha moto pa mafuwa atatu. Anyamata amabwera ndi ziwala, tsiku lamwayi mbewa. Nsima imaphikidwa m'chitini, ndipo imapsa ndithu. Ikapsa pamabuka mlandu, chifukwa galu uja wadya ndiwo za eni. Kamnyamata ka zaka 7 kamakhala pa chitsa, kamatsokomola ngati nyakwawa, kamamva mbali zonse ziwiri, n'kugamula kuti mwini galu alipe nkhuku, ndipo nkhukuyo ndi chitsononkho.

Tawerengani zimene zachitika masana amodzi amenewa. Amanga mudzi, agawana ntchito, apeza chakudya, akhazikitsa bwalo la milandu, ndipo chigamulo chatsatidwa tsiku lomwelo. Ndi maofesi angati amene mukuwadziwa omwe angachite zonsezi dzuwa lisanalowe?

Ndiye galimoto ya mawaya. Waya amautola pa mpanda wakugwa kapena kwa okonza njinga. Matayala amadula ku patapata yakutha kapena amalumikiza zitsekerero za mabotolo. Zomangira ndi mphira wa chubu cha njinga woduladula. Chovuta kwambiri ndi chiwongolero: ndodo yaitali yochokera m'manja mwa mwana iyenera kukhotetsa matayala onse awiri akutsogolo nthawi imodzi, mbali imodzi, popanda galimoto kugubuduzika. Palibe buku, palibe mphunzitsi. Mwana amayesa, zikakanika amamasula, amasuzumira ya mnzake, amayesanso. William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, boma loyandikana nalo lathuli, anafotokoza m'buku lake la mu 2009 kuti ali mwana ankapanga timalole ta makatoni a Chibuku ndi anzake. Ali ndi zaka 14 anamanga makina oyendera mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Filimu ya moyo wake itatuluka pa Netflix mu 2019 tonse tinawomba m'manja pa Facebook. Koma kamnyamata kamene kakupinda waya kuseri kwa nyumba lero timakakalipira kuti kakungotaya nthawi, kapite kukamwetsa ng'ombe. Timakonda mtengo ukabala, mbande timaiponda.

Tsono funso nali: ndani wakhala akujambula zimenezi? Mu 1990 ku America kunatuluka buku la ana lotchedwa Galimoto. Analemba ndi Karen Lynn Williams, yemwe anakhalako kuno ku Malawi, ndipo zithunzi zake anajambula ndi Catherine Stock, ndi utoto wa madzi womwewu. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa ku Malawi dzina lake Kondi amene akuyendayenda kusakasaka mawaya oti apangire galimoto yake. Kwa zaka zoposa 30 ana a ku America akhala akuwerenga bukuli m'Chingerezi, n'kuphunziramo mawu athu oti galimoto. Ku Mua, m'boma la Dedza, bambo Claude Boucher Chisale ochokera ku Canada anayambitsa malo a za luso a Kungoni mu 1976, ndipo anajambula zithunzi zambirimbiri za gule wamkulu ndi miyambo yathu. Sindikuwadzudzula anthu amenewa ayi, anaona chinthu chamtengo n'kuchilemekeza. Ndikufunsa ife eni ake: tinali kuti? Mlendo akajambula mwana wathu akupinda waya timati ndi luso. Mwana wa pamudzi pomwepo akajambula zomwezo timati sukulu inamupweteka.

Ndipo pasapezeke wondiuza kuti kujambula ndi zachizungu. Ku Chongoni, ku Dedza komweko, kuli malo 127 okhala ndi zojambula pa matanthwe, omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambulazo, zoyera zija, anajambula ndi makolo athu Achewa, ndipo n'zokhudza chinamwali ndi nyau. Ankasungunula dothi loyera ndi madzi n'kumajambula ndi zala, pofuna kuphunzitsa achinyamata. Dothi, madzi, dzanja. Zimene ndimachita ine pa pepala sizikusiyana kwenikweni ndi zimenezo. Samson Kambalu, amene chiboliboli chake cha John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, anayamba kudziwika ndi mpira wamiyendo wokutidwa ndi masamba a Baibulo, woti anthu azimenya. Munthu ameneyu amaphunzitsa ku Oxford, ndipo sabisa kuti luso lake lagona pa kusewera ndi pa nyau. Kunja amamupatsa bwalo lalikulu la mzinda. Kuno akanayamba kumufunsa kuti ntchito yeniyeni ayamba liti.

Ena amafunsa kuti bwanji osangojambula ndi foni, poti kamera ili m'thumba. Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, ukangotulutsa foni sewero latha. Ana amasiya zonse, amaima pa mzere, amaimika zala ziwiri, amakhala chithunzi chija cha pa chikwangwani. Koma munthu wokhala pansi pa mtengo wa mango ndi pepala amatopetsa msanga. Amamuzungulira mphindi zochepa, kenako amamuiwala n'kubwerera ku fulaye wawo. Chachiwiri n'chokhudza ulemu. Chithunzi cha pa foni chimanyamula nkhope ya mwana wa eni kupita nayo kulikonse, ndipo ambirife timaziponya pa intaneti osapempha kwa makolo ake. Ine ndisanayambe ndimapita kaye kwa amayi ake kapena agogo ake kukapempha, ndipo chimene chimatsala pa pepala ndi mapindikidwe a msana, mwendo uli m'malere, dzanja likuponya. Amayi ake amamuzindikira pompo, "Uyu ndi wanga uyu, amathamanga chonchi." Mlendo wa pa intaneti sangamuloze pa msewu.

Utoto wa madzi nawo uli ndi khalidwe logwirizana ndi sewero. Ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi utomoni wa mitengo ya m'gulu la mthethe, womwe wambiri wa pa msika wa dziko lonse umachokera ku Sudan. Madzi ndi amene amaunyamula kuuyala pa pepala, akauma utomoni uja umaumata. Mwa chizolowezi sugwiritsa ntchito utoto woyera: poyera paliponse pa chithunzi ndi pepala lenilenilo lomwe walisiya dala. Choncho usanakhudze bulashi uyenera kudziwiratu pamene dzuwa likumenya, paphewa, pa chipumi, pa fumbi. Umayamba ndi mitundu yowala n'kumalizira yakuda, ndipo ukadetsa malo kubwerera m'mbuyo n'kovuta. M'mwezi wa October, kutentha kuli phuliphuli, pepala limauma usanamalize kuganiza, ndiye dzanja liyenera kufulumira ngati la mtsikana amene ali pakati pa fulaye. M'nyengo yozizira ya June limachedwa kuuma, mitundu imalowererana yokha. Ukanyowetsa pepala kaye n'kudonthezapo mtundu wa katondo, umafalikira wokha ngati fumbi la pabwalo ana akamathamangitsana pa chipako. Sungaulamule kwathunthu. Umagwirizana nawo, monga momwe umachitira ndi mwana.

Pepala lake ndiye mutu waukulu. Lofunika ndi lokhuthala, lija amalilemba kuti 300 gsm, chifukwa lopyapyala likanyowa limakwinyika ngati chikopa cha mbuzi. Kulipeza n'kovuta, nthawi zambiri mpaka kutuma wina wochokera ku Johannesburg. Koma utoto wina ndimapanga ndekha. Katondo ndimamuumitsa, kumupera, kumusefa pa nsalu, n'kusakaniza ndi utomoni wosungunula ndi kadontho ka uchi kuti asaume gwa. Wakuda ndimatenga ku mwaye wa m'khitchini ndi makala. Ndiye bwalo limene lili pa chithunzi limakhala lojambulidwa ndi dothi la pabwalo lomwelo. Ana akaona zimenezi sadabwa n'komwe, poti iwo anayamba kale kuumba ng'ombe ndi dothi la kudambo, za linunda ndi nyanga zomwe.

Tibwerere kwa anzanga a m'mabungwe aja, chifukwa mfundo yawo ili ndi mano. Akunena zoona kuti ana kuno akuvutika. Dowa ndi boma la fodya. Kuyambira pa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka mpaka kusankha masamba oti apite ku okushoni ku Kanengo, ntchito imafuna manja ambiri, ndipo manja otsika mtengo kwambiri ndi a ana. Tsamba laliwisi, makamaka lonyowa ndi mame, limalowetsa chikonga m'thupi kudzera pa khungu, mwana n'kumamva chizungulire, nseru ndi mutu. Mu November 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito. Zimenezi sindikuzikana, ndinakulira pakati pake.

Koma taganizani bwino, anzanga. Mukajambula mwana ali m'chigafa akusoka fodya, mwaonetsa kuti akuvutika. Simunaonetse chimene walandidwa. Munthu akakuberani, apolisi amafunsa kuti chatayika n'chiyani, ndipo ngati simungathe kuchifotokoza mlandu umazizira. Chimene mwana wa m'chigafa waberedwa ndi sukulu, inde, komanso ndi masana aja a phada, nguli, jingo ndi chikulunga. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, lomwe Malawi analivomereza mu 1991, m'gawo 31 limanena kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi wosewera. Gawo limeneli silitchulidwa kawirikawiri m'misonkhano ya m'mahotela, chifukwa kusewera kulibe risiti, sungakuwerenge ngati matumba a soya. Zithunzi zanga ndi umboni wa katundu wobedwayo. Ndikaika pamodzi za mwezi wa June, bwalo litadzaza, ndi za February, bwalo lomwelo lili zii, nguli ili pansi yokha, sindifunikanso kulemba mawu aliwonse m'munsi.

Ndipo umphawi sindiubisa. Uli pomwepo pa pepala kwa amene ali ndi maso: mapazi opanda nsapato, mpira wa majumbo womanga ndi luzi, chigafa chili kumbuyo. Sindikunenanso kuti umphawi ndi mphunzitsi wabwino. Njala ya mu 2002 ndi imene inamuchotsa Kamkwamba pa sukulu, ndipo alipo ambiri anzeru ngati iye amene njala yomweyo inawakwirira osamveka. Chimene ndikukana ndi kuti umphawi ukhale dzina la mwana, chiyambi ndi mathero a nkhani yake. Mwana amene wakula akudziona pa zikwangwani ali ndi mbale m'manja amaphunzira kuti udindo wake m'dziko ndi kulandira. Akadziona pa pepala ali mfumu pa chitsa, kapena ali dalaivala wa galimoto yopanga yekha, amaphunzira china. Inu amene mumalemba malipoti okamba za kusintha kaganizidwe, mumaganiza kuti kaganizidweko kamayambira pati?

Kusukulu nako nkhani ndi yomweyi. Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 limalowa m'pepala la Arts and Life Skills. Pa dzina zili bwino. Koma m'makalasi ambiri a kumudzi mwana amakopera pa bolodi mayina a zipangizo zojambulira zimene sanazigwirepo, n'kuloweza kuti akakhoze mayeso. Aphunzitsi sindiwaimba mlandu, munthu mmodzi pa ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, choko chomwe chopereweranso. Chimene chimandiwawa n'chakuti taphunzitsidwa kukhulupirira kuti luso limabwera m'katoni kuchokera kunja, ndiye katoniyo ikapanda kufika timangopinda manja. Pamene kuseri kwa kalasi komweko kuli katondo, makala ndi nthenga za nkhuku. Mwana yemweyo amene wagona pa desiki nthawi ya Expressive Arts, akaweruka akukapanga basi ya mawaya yokhala ndi chitseko chotseguka. Phunziro lenileni likuchitika kunja kwa mpanda, popanda wolipatsa malikisi. M'mera mpoyamba, timatero, koma m'merawo sitiuyang'ana.

Tsono ife a mafonife tisadzichotsemo. Ndife akatswiri polemba pa Facebook kuti amene sanasewereko fulaye sanakule, n'kumaseka m'makomenti usiku wonse. Chikumbumtima chaulere chimenecho. Tikapita kumudzi pa Khirisimasi, ndife oyamba kuthamangitsa ana kuti akutisokosera, kapena kuwapatsa foni kuti akhale chete. Tikafuna chithunzi cha ana a kumudzi choika pa positi, timatola pa intaneti cha dziko lina, kapena timauza kompyuta itipangire, n'kutipatsa ana osalala ngati zidole, m'mudzi womwe kulibe. Masewerawa alibe buku la malamulo. Amakhala m'miyendo ya ana, ndipo amadutsa kuchoka kwa wa zaka 10 kupita kwa wa zaka 6. Mbadwo umodzi wokha ukadumphidwa, atha. Ndi chifukwa chake kuseri kwa pepala lililonse ndimalembako dzina la sewero, mwezi, chaka ndi mmene amasewerera malinga ndi momwe anawo andifotokozera, chifukwa fulaye wa mudzi uno amasiyana pang'ono ndi wa kutsidya kwa dambo, ndipo eni ake amakangana nazo kwambiri zimenezo.

Sindikupempha chisoni kapena pulojekiti. Ndikupempha zinthu zazing'ono zomwe zili m'manja mwanu. Inu a m'mabungwe, pa zithunzi khumi za mu lipoti lanu, chimodzi chokha chikhale cha mwana akuchita chimene iye wasankha, ndipo mulipire wojambula wa m'dera lomwelo. Inu olemba Chichewa, ana athu akufunika mabuku a zithunzi m'chiyankhulo chawo, okamba za bwalo lawo. Tipezeni ojambulafe tigwire ntchito limodzi. Inu amene mwayamba kulandira kangachepe ndipo mukufuna chopachika pa balaza, musanagule njovu ina yachikhumi, mufunseni wojambulayo ngati ali ndi china chimene anajambula kwawo. Ambiri ali nazo, amangozibisa pansi pa bedi poganiza kuti palibe angazifune. Ndipo mukapeza mwana wa mlongo wanu akupinda waya, musamutume kaye. Khalani pansi, mumufunse kuti matayala akutsogolowo akukhota bwanji. Mukayankhidwa, yesani kupanga yanu, tione ngati digiri ija ikuthandizeni.